Belu loweruka likalira

Lachiwiri lina mwezi wathawu tinali pa ulendo wathu woyendera odwala m'makomo ku 18B, makina oyezera BP ali m'chikwama. Pakhomo pena tinapeza agogo ali gone pamkeka, ndipo amene anatilandira ndi mdzukulu wawo, mtsikana wa Sitandade 4, yunifolomu ikadali m'thupi. Nthawi inali isanakwane 2 koloko. Popeza agogowo maso anayamba kuwavuta, tinapatsa mwanayo kapepala kathu ka Chichewa konena za kuchepetsa mchere m'ndiwo kuti aziwawerengera. Anayamba mzere woyamba, akuloza ndi chala, nkumatchula chilembo chimodzichimodzi. Pakati pa mzerewo anaima, nkunena kuti maso akumuwawa.

"Musamuvutitse, ana anga," anatero agogowo. "Anzake akaweruka amapita ku part-time. Ife ndalama yake tiitenga kuti?"

Tinayeza BP, tinapemphera nawo, nkutsanzika. Koma funso la agogowo tinatuluka nalo, ndipo ndi limene latichititsa kuti mwezi uno tisiye kaye nkhani za mchere ndi shuga, tikambe za maola amene ana athu amakhala nawo belu loweruka likalira.

Maolawa ndi ambiri kuposa mmene timaganizira. Mwana wa Sitandade 1 kapena 2 amakhala atafika kale kunyumba dzuwa lili paliwombo. Mayi ake ali kuntchito ku Capital Hill kapena ali kumsika, bambo ake afika kutada. Akuluakulu a m'makalasi apamwamba amawerukako mochedwa pang'ono, komabe masana onse amakhala awo. Ndiye pali tchuthi chachikulu chija chaka cha sukulu chikatha, mwezi wa Ogasiti wathunthu, pamene mwana wosawerenga bwino amaiwala ngakhale pang'ono pamene anagwira. Ife oyenda m'makomo timawaona anawa: ena pachiwaya akudikira zotsala, ena m'nyumba zoonetsera mafilimu, ena abereka mng'ono wawo kumbuyo tsiku lonse, enanso pa foni ya mayi awo mpaka batire lithe.

Banja limene lili ndi kangachepe limagula maola amenewa. Limalipira mphunzitsi wa part-time, mwina pakhonde la nyumba yake, mwina m'kalasi momwemo anzawo akachoka. Unduna wa Zamaphunziro wakhala ukuletsa mobwerezabwereza kuti ana a m'sukulu za boma azilipiritsidwa maphunziro otere, koma aliyense wa ife akudziwa kuti akuchitikabe. Sitikufuna kuloza chala aphunzitsi. Boma lenilenilo limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, pamene m'makalasi aang'ono a m'tauni muno kupeza ana oposa 100 si chachilendo. Munthu mmodzi sangamvetsere mwana aliyense akuwerenga m'gulu lotero, ndipo malipiro ake nawo satha mwezi. Chimene chikutidandaulitsa n'chakuti thandizo limene mwana wotsalira amafunikira kwambiri lasanduka malonda. Mwana wa ku Senti kapena ku Mgona amene amakhala benchi imodzi ndi mwana wa bwana wa m'boma amalemba mayeso amodzimodzi a MANEB mu Sitandade 8, koma mmodzi anaphunzira tsiku lonse, winayo theka la tsiku.

Maiko ena anaika ndalama za boma pa maola amenewa. Ku America kuli thumba lotchedwa 21st Century Community Learning Centers, limene boma lalikulu limaikamo ndalama zoposa madola 1 biliyoni chaka chilichonse. Ndalamazo zimapita ku maboma a zigawo, ndipo zigawozo zimagawira sukulu ndi mabungwe a m'madera, kuphatikizapo a zipembedzo, amene apempha ndi kulonjeza kuphunzitsa ana a mabanja osauka akaweruka ndiponso patchuthi. Sitikunena izi kuti tiziyerekeza thumba lathu ndi lawo. Tikungofuna muone kuti kumeneko masana a mwana amawerengedwa pa bajeti.

Kwathu kuno chimene chikuyandikira pamenepo ndi ndalama zimene aphunzitsi amangoti SIG, kufupikitsa kwa School Improvement Grant. Ambiri a ife makolo sitinamvepo dzinali, chikhalirecho ndi ndalama za ana athu.

Mbiri yake mwachidule ndi iyi. Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ana anabwera, koma kandalama kamene sukulu inkatolera kogulira choko ndi kukonzera zitseko kanatha. Patapita zaka, mu 2010, boma linayamba ndondomeko ya PSIP m'maboma ochepa, kenako nkuifalitsa dziko lonse. Pa ndondomekoyi ndalama zimapita mwachindunji ku akaunti ya kubanki ya sukulu. Kuti zituluke, sukulu imayenera kulemba dongosolo la chaka la zimene ikufuna kukonza, ndipo olemba ake si ahedi okha ayi. Pamakhala komiti yoyendetsa sukulu, a PTA, amayi a mother group ndi atsogoleri a m'dera. Dongosololo limadutsa kwa a PEA, alangizi a zamaphunziro a m'zoni, lisanapite ku ofesi ya maphunziro ya boma. Ndalamazo zimagawidwa patatu: gawo lokweza kaphunzitsidwe ndi kaphunziridwe, gawo lothandiza kuti ana onse, makamaka amasiye ndi ovutika, alowe ndi kukhalabe pasukulu, ndi gawo laling'ono, 10 peresenti, loyendetsera sukulu.

Musaganize kuti ndi chuma chambiri. Cha m'ma 2015 sukulu ya ana osapitirira 1,000 inkalandira K600,000 pachaka. Mukagawa, ndi K600 pa mwana mmodzi chaka chonse. Kuchokera nthawi imeneyo kwacha yagwa kangapo, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ahedi ambiri amadandaula kuti ndalamazo zimafika mochedwa, teremu itapita kale. Pa kandalama komweko akufuna choko, mapepala a mayeso, chitseko cha chimbudzi ndi malata amene mphepo inasasula. Choncho tikamanena kuti maphunziro othandizira ana otsalira alowe m'dongosololi, tikudziwa kuti tikuwonjezera mkamwa wina pa mbale yaing'ono.

Komabe zinayesedwapo. Mu 2016 Malawi analandira madola 44.9 miliyoni kuchokera ku Global Partnership for Education pa pulojekiti ya MESIP. Gawo lina la ndalamazo linapita ku sukulu 800 za m'maboma a maphunziro 8, kuphatikizapo Lilongwe Rural West, Dedza, Kasungu ndi Mangochi, monga ndalama yowonjezera pa SIG, cholinga chake n'kuchepetsa kubwereza makalasi ndi kusiyira sukulu panjira. Mwa zimene sukuluzo zinkachita ndi ndalamayi munali kulemba aphunzitsi othandizira ndi kuchititsa makalasi apadera a ana otsalira. Ife a mumzinda sitinali pa mndandandawo. Mwina n'chifukwa chakuti munthu akamva dzina la Area 18 amaganiza za nyumba za Housing ndi msewu wodutsa pamwamba uja, osadziwa kuti kuseri kwa nyumba zambiri kuli tizipinda ta lendi, ndipo m'makalasi mwathu mwadzaza ana ochokera m'madera oyandikana nafe.

Ndiponso ana amene ali kusukulu panopa anataya masiku ambiri osati mwa kufuna kwawo. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ndipo ambiri anabwerera mu Okutobala. Mu Januwale 2023 sukulu za muno mu Lilongwe ndi za ku Blantyre zinachedwa kutsegulidwa ndi milungu iwiri chifukwa cha kolera. Mwana amene anaphonya maziko a kuwerenga nthawi imeneyo amangokankhidwa kalasi ndi kalasi, kapena amabwereza mpaka manyazi amugwire, asiye. M'dziko muno, mwa ana anayi kapena asanu alionse a ku pulayimale, mmodzi amabwereza kalasi chaka chilichonse.

Tsono ife monga makolo tili ndi khomo limodzi lolowera, ndilo msonkhano umene amakonzera dongosolo la sukulu lija. Tivomereze, ambiri a ife tikamva za msonkhano wa makolo timatuma wantchito kapena mwana wamkulu, poganiza kuti akukangolengeza za ndalama ya chitukuko. Tikapita tokha tili ndi ufulu wofunsa kuti SIG ya chaka chino yabwera zingati, yagwira ntchito yanji, ndipo mwaikamo chiyani cha ana amene afika Sitandade 3 kapena 4 asakudziwa kuwerenga. Kufunsa zimenezi si mwano. Ndondomekoyo inapangidwa kuti anthu a m'dera azidziwa ndi kuvomereza.

Tikapempha makalasi oterewa, pali zinthu zimene ife a zaumoyo tikufuna zisaiwalike, ndipo choyamba ndi mimba. Mwana amene anachoka kunyumba mmawa atangomwa tiyi wopanda mkaka, kapena osalawa kanthu, simungamusunge mpaka 3 koloko nkuyembekeza kuti mutu ugwira. Adzangogona pa desiki. A Mary's Meals anayamba ntchito yawo kuno ku Malawi mu 2002 ndi ana 200 okha, ndipo lero akudyetsa ana oposa 1 miliyoni m'dziko muno phala la Likuni, la chimanga ndi soya, chifukwa anaona kuti njala ndi sukulu siziyendera limodzi. Kumene phalalo silifika, makolo angathe kusonkherana ufa ndi nsinjiro, amayi nkumasinthana kuphika. Kapu ya phala la mgaiwa lothira nsinjiro imamusunga mwana kuposa kamba ndi mafirizesi amene timawagulira pageti.

China ndi kutalika kwa nthawi. Taona ana a Sitandade 8 akudzuka kusanache kuti akayambe kalasi ya mmamawa, nkuweruka dzuwa litapendeka, usiku nkukhalanso pa homuweki. Mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12, ndipo bungwe la WHO limalangiza kuti ana azithamanga kapena kusewera mwamphamvu ola limodzi tsiku lililonse. Ola limodzi la kuwerenga m'kagulu ka ana khumi kapena khumi ndi asanu, kenako mpira kapena fulaye, n'lopindulitsa kuposa maola atatu m'kalasi yodzaza yomwe ija. Pakhale madzi abwino akumwa, sopo pa chimbudzi, akuluakulu awiri osati mmodzi, chitseko chili chotsegula, ndipo atsikana afike kunyumba kusanade.

Nkhani ya tsiku ikutikhudza ife mwapadera. Makalasi owonjezera ambiri, makamaka a ana olemba mayeso, amaikidwa Loweruka mmawa. Mwana wathu amakhala ku Sukulu ya Sabata, Lolemba nkupeza anzake adutsa mutu wathunthu wa masamu. Ena mwa ana athu afika pomabisa yunifolomu m'chikwama cha Baibulo. Pa part-time yolipira sitinganene zambiri, mwini wake amasankha tsiku limene akufuna. Koma makalasi oyendetsedwa ndi ndalama za boma ndi a mwana aliyense, ndipo tsiku lake liyenera kugwirizanidwa pa msonkhano. Tisakapemphe kuti awasamutsire Lamulungu, chifukwa anansi athu ambiri amapemphera tsiku limenelo, ndipo abale athu achisilamu ali ndi Lachisanu masana. Lolemba mpaka Lachinayi, akangoweruka, palibe amene angadandaule. Tikakhala kuti sitinapite ku msonkhanowo, amene apitawo adzasankha Loweruka mosaganizira n'komwe za ife, osati mwa nkhanza, koma chifukwa panalibe wowakumbutsa.

Pamene tikudikira bajeti, zipinda za ana za m'matchalitchi mwathu zimakhala zokhoma kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi. Tili ndi aphunzitsi opuma pantchito m'mipingo mwathu, tilinso ndi achinyamata amene alemba MSCE ndipo akungokhala podikira zotsatira. Sukulu ya Baibulo ya patchuthi timaichita mlungu umodzi, ana nkudzaza bwalo, a mpingo ndi osakhala a mpingo omwe. Anawo amabwera ndithu akaitanidwa. Mabuku a ana angathe kubwerekedwa ku National Library ku City Centre, mtunda woyenda pansi kuchokera kuno. Izi sizichotsa udindo pa boma, ndipo tisalole kuti wina atiuze kuti popeza mipingo ikuchita, SIG ingopita ku malata. Koma komiti ya sukulu imamva msanga makolo amene abwera atanyamula kale mayina a anthu odzipereka ndi ndowa ya ufa kusiyana ndi amene abwera ndi madandaulo okha.

Kwa agogo aja tinabwererako patatha milungu iwiri. BP yatsikako pang'ono, ngakhale mchere akuti ndiwo sizikoma popanda. Mtsikana wa nyumba yoyandikana nayo, amene analemba Fomu 4, wavomera kumakhala ndi mdzukuluyo pakhonde Lolemba ndi Lachitatu, ndipo ana ena awiri a pamzere womwewo ayamba kubwera okha. Kapepala kathu kaja anatiwerengera mpaka mzere wachitatu. Agogowo anatipatsa kalata yochokera kusukulu imene inali itapindidwa m'buku la kuchipatala, yoitana makolo ku msonkhano wokonza dongosolo la chaka chamawa. Tsiku lake alemba Loweruka, 9 koloko mmawa. Makolo asanu ndi mmodzi tasainira kalata yopempha ahedi ndi apampando a komiti kuti ausunthire Lachitatu masana, ndipo tinakaipereka Lachinayi lapitali. Anatilandira bwino, anati akambirana ndi a komiti.