Mafilimu olankhula Chichewa: luso lilipo, nanga ntchito ili kuti?

Aliyense woyenda m'misika ya kwa Kaphuka ndi ina ya m'mbali mwa msewu wa M1, monga Linthipe ndi Chimbiya, akudziwa phokoso lotuluka m'tinyumba ta vidiyo. Pa kanema pakuoneka Mtchaina kapena Mmwenye, koma mawu amene akumveka ndi Chichewa chenicheni, chodzaza ndi nthabwala ndi zining'a za achinyamata. Amene amalankhula m'malo mwa anthu a m'filimuwo ndi anyamata otchedwa ma DJ. Ana ambiri amawatsanzira, ndipo ena ayamba kufunsa ngati munthu angapeze zofunika pa moyo wake pogwiritsa ntchito mawu ake okha. Funsoli ndi loyenera kuliyankha mosakuluwika.

Choyamba tivomereze kuti msika wake ulipo. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti anthu pafupifupi 3 mwa 10 aliwonse m'dziko muno sadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo mwa odziwawo si onse amene angatsate Chingerezi cholankhulidwa mothamanga. Mawu olembedwa m'munsi mwa kanema sathandiza anthu otere. Chimene akufuna ndi kumva nkhani m'chilankhulo chawo. Izi sizili kuno kokha. Ku Uganda kuli ma VJ omasulira mafilimu m'Chiganda, ku Kenya kuli DJ Afro, ndipo ku Tanzania kanema wa Azam amaonetsa masewero a ku Turkey olankhulidwa m'Chiswahili.

Komabe pali kusiyana kwakukulu pakati pa zimene amachita DJ ndi ntchito yeniyeni yoika mawu m'filimu. DJ amakhala yekha ndi kompyuta ndi maikolofoni. Amatsitsa mawu a eni ake, n'kulankhula m'malo mwa amuna, akazi ndi ana omwe, kwinaku akuwonjezera zake. Ku studiyo zovomerezeka ntchito imayamba ndi womasulira, amene amalemba zokambirana zonse. Wina amazikonza kuti kutalika kwa chiganizo kufanane ndi kayendedwe ka milomo ya wosewera. Mwini filimu amatumiza nyimbo ndi phokoso lina padera, kuti mawu akale achotsedwe popanda kuwononga zinazo. Kenaka munthu aliyense wa m'filimu amapatsidwa womulankhulira wake, ndipo pamakhala wotsogolera amene amabwezetsa chiganizo mpaka chimveke bwino. Chitsanzo chimene ambiri kumudzi kuno adachionapo ndi filimu ya Yesu ya mu 1979, yochokera mu Uthenga Wabwino wa Luka, imene idaikidwa m'zilankhulo zoposa 2,000, kuphatikizapo Chichewa.

Vuto lalikulu la ma DJ si kuchepa kwa luso. Vuto ndi lakuti munda umene akulimamo si wawo. Lamulo loteteza umwini wa zaluso la mu 2016, limene bungwe la COSOMA limayang'anira, limapereka kwa mwini filimu mphamvu yololeza kapena kuletsa kuti ntchito yake imasuliridwe. Womasulira popanda chilolezo sangagulitse ntchito yake ku nyumba youlutsa zithunzi, ndiponso sangadandaule kwa wina aliyense pamene ena akuikopera m'mafoni ndi m'mamemole khadi. Iye amatuluka thukuta usiku wonse, koma phindu limagawika m'manja mwa okopera ambirimbiri. Munthu sangamange tsogolo pa katundu amene sangamutchule kuti ndi wake pamaso pa lamulo.

Palinso nkhawa ya makolo, ndipo ndi yomveka. Mafilimu ambiri a m'tinyumba timeneti adapangidwira akuluakulu, koma odzaza mabenchi ndi ana, ena pa nthawi ya sukulu. Kale chilankhulo chachilendo chinkabisa zina, koma tsopano zonse zikumveka, ndipo DJ wofuna kuseketsa nthawi zina amawonjezera mawu olaula amene m'filimumo munalibe. Wolankhula pa maikolofoni ndi mphunzitsi wa chilankhulo, afune asafune, chifukwa mawu amene wanena lero mawa amveka pabwalo la sukulu.

Nanga njira yodalirika ndi iti? Mbiri ya dziko lathu ikuloza ku wailesi. Kuyambira pamene MBC idakhazikitsidwa mu 1964 mpaka pamene kanema wa boma adayamba mu 1999, Amalawi ankaonera masewero ndi makutu. Malemu Smart Likhaya Mbewe adatchuka ndi Kapalepale anthu ambiri asanaone nkhope yawo. Bungwe la Story Workshop la ku Blantyre lidayambitsa sewero la Zimachitika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo Tikuferanji ya bungwe la ADRA idatchukitsa a Michael Usi, amene anthu amawadziwa kuti Manganya, omwe adadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino kuyambira mu 2024 mpaka 2025. Lero nyumba zoulutsa mawu zachuluka, ndipo zimafuna anthu owerenga malonda, mauthenga a zaumoyo ndi zaulimi, ndiponso ochita masewero. Ndalama zake si zambiri, ndipo ntchito imabwera mwa apo ndi apo, koma ndi yovomerezeka ndipo dzina la munthu limakula nayo.

Mnyamata kapena mtsikana wofuna kuyenda njirayi ayambe ndi zimene ali nazo pafupi. Aziwerenga mokweza tsiku ndi tsiku, alowe m'gulu la zisudzo la kusukulu kapena la m'mudzi, azijambula mawu ake pa foni n'kumadzimvetsera. Asasiye sukulu, pakuti womasulira wosamva bwino Chingerezi amangopeka. Aphunzirenso Chichewa chozama kwa agogo ake. Pamene filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, yonena za William Kamkwamba wa ku Kasungu, idatuluka mu 2019, Amalawi ambiri adanyadira nkhaniyo koma adadandaula ndi katchulidwe ka Chichewa ka osewera ochokera kunja. Zimenezi zidaonetsa kuti lilime la mwini chilankhulo ndi chuma chimene mlendo sangachipeze m'miyezi yochepa.

Chatsopano chimene chafika ndi makina otsanzira mawu a munthu. Mu 2023 osewera mafilimu ku America adanyanyala ntchito kwa masiku 118, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali kuopa kuti makampani adzagwiritsa ntchito nkhope ndi mawu awo popanda kuwalipira. Mu 2024 YouTube idayamba kumasulira yokha mawu a makanema ena m'zilankhulo zikuluzikulu. Makina otere amaphunzira kuchokera ku mawu ojambulidwa a anthu enieni. Choncho wina akabwera kudzapempha kujambula mawu anu, funsani kumene adzagwiritsidwe ntchito, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati adzaphunzitsira makina. Zonsezo zilembedwe musanasayine.

Mutu umodzi susenza denga. Ma DJ akadagwirizana n'kukhala bungwe lolembetsedwa, akadatha kukambirana ndi eni mafilimu a ku Nigeria, ku Tanzania kapena a konkuno, n'kupeza chilolezo cha kumasulira. Nyumba za kanema za m'dziko muno nazonso ziganizire zogula masewero akunja pamodzi ndi ufulu wowaika m'Chichewa, monga achitira anzathu a ku Tanzania, ndipo akatswiri a chilankhulo a ku Centre for Language Studies ku Zomba angathandize pa kamasuliridwe. Kufikira zimenezo zitachitika, kholo la kwa Kaphuka limene mwana wake ali ndi mphatso ya mawu lisamunyoze, koma limulozere ku sukulu, ku zisudzo ndi ku wailesi, kumene thukuta lake lidzalembedwa m'dzina lake.