Mphaka wogona pa kiyibodi ya mpingo

M'matchalitchi ambiri a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri limba lakale lija linapita. M'malo mwake muli kiyibodi ya Yamaha kapena Casio, ampulifaya ndi masipika akuluakulu, zogulidwa ndi thukuta la akhristu kudzera m'zopereka ndi pepa Sande. Zipangizozi zimasungidwa m'chipinda cha kuseri kwa guwa kapena kunyumba kwa woyang'anira kwaya, ndipo kumeneko zimapeza mlendo amene sitinamuitane: mphaka.

Nthawi zambiri mphakayu akapezeka atadzipinda pa kiyibodi m'mawa wa Lamulungu, pamakhala phokoso. Wina akuti watumidwa kudzatseka mawu a kwaya. Anyamata atola miyala. Chotiwawa kwambiri n'chakuti pasanathe sabata, dzina la gogo wina wapafupi ndi tchalitchi layamba kunong'onedwa. Apa nkhani yasiya kukhala ya chiweto, yasanduka ya mbiri ya munthu, mwinanso ya moyo wake. Tikumbukire kuti lamulo la za ufiti la m'chaka cha 1911 linaika kutchula munthu mfiti m'gulu la milandu, ndipo lamulo lachisanu ndi chinayi la Mose linatiletsa kale kunamizira mnzathu.

Kodi mphakayu wadzatani? Ampulifaya ikagwira ntchito imatentha, ndipo imachedwa kuzizira. M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikakuta phiri la Ndirande, cholengedwa chilichonse chimasaka pofunda. Chachiwiri, ndipo ichi madikoni achimvetse, mphaka amatsata makoswe. Mano akutsogolo a khoswe sasiya kukula moyo wake wonse, choncho amatafuna chilichonse cholimba kuti awafupikitse. Mkati mwa sipika ndi mwamdima, mofunda, moyenera chisa, ndipo mawaya ali pomwepo. Sipika ikayamba kulira mwa chimfine pakati pa nyimbo, kawirikawiri wolakwa ndi khosweyo, amene sitimuona. Ife tikuponya miyala mlonda, mbala ili phee m'bokosi.

Akhristu anzathu kwina anazindikira izi kalekale. Ku Exeter, ku England, mabuku a ndalama a tchalitchi chachikulu a m'zaka za m'ma 1400 amaonetsa ndalama yolipirira mphaka, ndipo pachitseko cha pansi pa koloko yawo pali bowo loti azilowerapo posaka mbewa. Ku Southwark Cathedral mu London, mphaka wosochera amene anafika mu 2008 anakhala pamenepo zaka zambiri, ndipo atafa mu 2020 anachita mwambo wothokoza Mulungu chifukwa cha iye. Sitikunena kuti titengere zonsezo. Ife maliro a anthu atikwanira kale. Koma wolemba Salmo 84 anakondwa poona mpheta ndi namzeze zitapeza pokhala pafupi ndi maguwa a Yehova, ndipo Miyambo 12:10 imayesa chilungamo cha munthu poona mmene amasamalira chiweto chake.

Pali china chimene ife okonda kukweza zokuzira mawu mpaka malata kunjenjemera tiyenera kuchita nacho manyazi. Makutu a mphaka amamva mawu okwera pafupifupi katatu kuposa malire a khutu la munthu. Anyamata akangoyatsa zida n'kuyamba kuyesa maikolofoni, iye amathawa. Ena amati chiwanda chathawa nyimbo za Mulungu. Ayi ndithu, chamupirikitsa ndi phokoso, lomwe makanda ali kumsana kwa amayi a Mvano alibe kothawira.

Tisanamizanenso kuti mphaka alibe vuto. Ubweya wake umalowa pakati pa makiyi, zikhadabo zake zimang'amba nsalu ya sipika, ndipo mkodzo wake ukalowa mu kiyibodi umadyetsa zamkati dzimbiri, ndalama ya pepa Sande yonse n'kupita. Amathanso kutenga chiwewe monga galu. Kuyambira mu 2015 bungwe la Mission Rabies lakhala likupereka katemera wa chiwewe mu mzinda wa Blantyre, ndipo mwini chiweto asazengereze ulendo wotero ukafika m'dera lake. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Kiyibodi ibwezedwe m'chikwama chake mapemphero akatha, mawaya akulungidwe ndi kupachikidwa pamwamba, ndipo zotsala za chakudya cha pa msonkhano zisagone m'chipinda cha zida. Mphakayo muyalireni chiguduli pakona, pafupi ndi masipika.