Moyo wa pa Nyanja, Gawo Lachitatu: Zonyansa za m'Ngalawa Zimapita Kuti?

Sabata ino tikamba nkhani imene ambiri amachita nayo manyazi, nkhani ya zimbudzi za m'sitima ndi m'mabwato. Wowerenga wa ku Mzimba kuno, kuseri kwa mapiri a Viphya, angafunse kuti izi zimkhudza bwanji. Yankho lili pa msika. Usipa umene timagula pa Boma, pa Jenda ndi ku Embangweni umachokera ku nyanja, ndipo amene amakautenga amagona pa doko, namwa madzi omwewo amene ngalawa zimakocheza.

Sitima ya Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, niyamba ntchito pa nyanja yathu mu 1951. Pa ulendo wochokera ku Monkey Bay kukafika ku Chilumba, sitima yotere ili ngati mudzi woyandama, pakuti anthu mazanamazana amadya, kugona ndi kudzithandiza momwemo. Palinso mabwato a matabwa onyamula anthu pakati pa Nkhata Bay, Usisya ndi Likoma, ndiponso asodzi amene amachezera pa madzi usiku wonse. Ambiri a mabwato ang'onoang'onowa alibe chimbudzi.

Amalinyero a maiko ena anapeza njira. Pansi pa chimbudzi amaika thanki yotsekeka bwino yosungiramo zonyansa. Thankiyo imakhala ndi paipi yotulutsira mpweya, chifukwa popanda mpweya zonyansa zimaola monunkha koopsa. Ngalawa ikafika pa doko, makina amapopa zonsezo kupita kumtunda. Pangano la maiko lotchedwa MARPOL, m'gawo lake limene linayamba kugwira ntchito mu 2003, limaletsa sitima zazikulu kutaya zonyansa zosathiridwa mankhwala pa mtunda wosakwana makilomita pafupifupi 22 kuchokera ku gombe.

Koma lamulo limenelo analembera nyanja za mchere. Yathuyi ndi yosiyana. Madzi ake ndi akumwa, ndipo ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira, mtsinje wa Shire. Madzi ambiri amachoka ndi dzuwa, kusiya litsiro m'mbuyo. Ngalawa zathunso zimayenda chakufupi ndi gombe, kumene amayi amatsuka mbale ndi ana amasambira.

Zotsatira zake tinaziona. Kolera imene inabuka mu Malichi 2022 inagwira anthu oposa 58,000 nipha oposa 1,700, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja monga Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay anavutika kwambiri. Sitinganene kuti ngalawa zokha ndizo zinabweretsa mliriwo, koma kachilombo kake kamayenda m'chimbudzi cha wodwala, ndipo madoko a asodzi ndi malo amene kamafalikira msanga. Likodzo nalonso limayamba pamene wodwala akodza m'madzi, mazira naswa tizilombo timene timalowa m'nkhono.

Nanga tichitenji? Thanki payokha siithetsa vuto. Ngati pa doko palibe potayira, mwini ngalawa adzatsegula thanki yake usiku pakati pa nyanja. Choncho madoko aakulu ayenera kukhala ndi makina opopera ndi dzenje lolandira zonyansa lokumbidwa kutali ndi madzi. Kwa mabwato aang'ono, chidebe cha chivundikiro cholimba chingakwanire, malinga pa gombe pakhale chimbudzi chokatayiramo. Oyendera ngalawa asamawerenge majekete opulumutsira anthu okha, adzifunsanso za chimbudzi.

Ifenso a kumtunda tisaloze chala asodzi okha. Mtsinje wa Mzimba umathira mu South Rukuru, ndipo South Rukuru amakathira m'nyanja. Mudzi wopanda zimbudzi kuno umatumiza litsiro lake kumeneko mvula ikagwa, pakuti madzi saiwala khwawa. Aphunzitsi anzanga, pophunzitsa za mitsinje ya dziko lathu, tiyeni tiwaonetse ana pa mapu njira imeneyi. Sabata yamawa tidzaona za zitsime za m'midzi ya asodzi.