Musatibisile HTML M'makodi Anu

Mu Januwale 2024, kolela itavuta mu Kanyama ndipo odwala anali kugonekedwa ku National Heroes Stadium, ife a pa wailesi tinafuna kuika uthenga pamwamba penipeni pa webusaiti yathu, m'zilembo zikulu-zikulu: wilitsani madzi, thilani klolini, wotsegula m'mimba mum'patse ORS n'kuthamanga naye ku kiliniki. Mtsikana wa ku Matero amene amatikonzela maonekedwe a webusaiti anakhala pa kompyuta m'mawa wonse, koma zinakanga.

Sikuti sadziwa nchito. HTML na CSS amazidziwa bwino kwambili. Vuto linali lakuti mnyamata amene anatipangila webusaitiyo anakwilila HTML yonse mkati mwa PHP. Panalibe fayelo imene munthu angatsegule n'kuona kuti apa ni mutu, apa ni cithunzi. Makodi ndiwo anali kusoka tsamba, kacidutswa apa, kacidutswa apo, nthawi imene munthu walitsegula pa foni. Mnyamatayo anali ku malilo ku Chipata, foni yozima. Uthenga unakwela patapita masiku atatu.

Imwe a mapulogilamu, zimenezi n'zimodzi-modzi na mita ya malaiti imene ili m'cipinda ca alandilodi. Lenti mumalipila, ndalama ya mayunitsi muli nayo, koma iwo akakiya n'kupita, mugona mumdima.

Nidziŵa zimene mumakamba. Mumati makodi akamapanga okha HTML, simulemba cinthu cimodzi kaŵili, palibe tagi yotsala yosatseka, ndipo akuba sangaloŵetse zoipa zawo kupitila m'mafomu. N'zoona, ndipo nkhani ya akuba si yoseŵela nayo. Koma citetezo cimeneco cilinso m'matempuleti. Django inabadwila ku nyuzipepala ya Lawrence Journal-World ku Kansas, n'kutulutsidwa poyela mu 2005. Anthu aja anali kuthamangitsana na nkhani ngati ife, ndipo dala anapatula matempuleti kuti wokonza maonekedwe asafunikile kudziŵa Python. Matempuletiwo amasefa okha zilembo zoopsa zimene mlendo walemba. WordPress nayo, imene inayamba mu 2003, imalola munthu kusintha maonekedwe osakhudza injini yake. Njila ilipo, simuifuna cabe.

Ena mumati, "Naye aphunzile PHP." Aphunzile liti? Masana agulitsa m'shopu, kwathu abwela mwaulele, bando agula na ndalama yake, malaiti nawo abwela usiku. Kodi imwe munaphunzila kusankha mitundu na kukula kwa zilembo kuti ambuya a ku Chawama aŵelenge pa kafoni kosweka galasi? Aliyense ali na nchito yake. Imwe tengani nkhani mu database n'kuzipeleka. Kuziyala pa tsamba musiyile iye.

Kwa anzanga a m'mawailesi, m'machalichi na m'magulu a m'komboni, musanalipile ndalama yomaliza citani ici. Khazikani wokonza maonekedwe wanu pa kompyuta, wopanga webusaiti aimilile kumbuyo manja ali m'thumba. Muuzeni mwana wanuyo akulitse mutu, asinthe mtundu, aike cilengezo pamwamba. Akakwanitsa yekha, lipilani. Akatembenuka kuti afunse, nchito ikalibe kutha, ndipo ndalamayo iyembekeze.