Msiyeni mwana aphunzire za ubongo



Kuno ku Kitengela tilipo, fumbi ndi lomwe lija. Koma dzulo sindinagone nawo uthenga wanu uja, woti mlongo wanga akamaliza udokotala ku KUHeS akufuna kulowa kafukufuku wa ubongo ndi matenda a maganizo, ndiye inu mwakaniratu. Mwati ndalama tinangotaya, mwana akufuna kukhala "dokotala wa amisala". Poti nanenso ndakhala ndikutumiza ya fizi, ndiloleni ndiyankhulepo.

Amalume, mwaiwala za bambo aang'ono? Zaka zingati tinkawamanga ndi chingwe pamtengo wa mango uja, mbuzi zikuthera kwa asing'anga? Anadzapeza bwino titawatengera ku Zomba Mental, ndipo mpaka lero amalima okha. Akanakhalapo wina m'banjamu wodziwa kuti awa ndi matenda ngati ena onse, sitikanachedwa choncho.

Kuno ku Kenya kuli Pulofesa David Ndetei. Anayamba ngati mlongo wangayu, kuphunzira udokotala wamba ku University of Nairobi, kenako n'kukaphunzira za matenda a maganizo ku Britain. Atabwerako sanangokhala m'chipatala kulemba mankhwala ayi. Anayambitsa bungwe la kafukufuku la Africa Mental Health Foundation, ndipo ku Makueni, mbali ya msewu wopita ku Mombasa, gulu lawo linaphunzitsa asing'anga ndi abusa kuzindikira munthu wodwala matenda okhumudwa n'kumutumiza kuchipatala. Taonani, sanawanyoze asing'angawo. Anadziwa kuti anthu amayambira kumeneko, monga tinachitira ife.

Ndipo musaganize kuti za ubongo n'za kunja kokha. Kwathu konko, pa Queen Elizabeth ku Blantyre, gulu la Dr Terrie Taylor linkajambula ana odwala malungo a muubongo ndi makina a MRI. Mu 2015 linalengeza kuti chimene chimapha ambiri mwa ana amenewa ndi kutupa kwa ubongo, umene umapanikiza mbali yoyendetsa kupuma. Ndani mwa ife sanaikepo mwana chifukwa cha malungo?

Nkhawa yanu ndikuimva, sindikunama. Sukulu italika, ndalama zichedwa, ndipo mwina adzapita kunja osabwerera, ngati ena aja. Inenso ndimalakalaka atayamba kulandira msanga kuti ndipumeko. Koma kumukakamiza ntchito yomwe mtima wake suli komweko sindiko kudzamusunge pa Malawi.

Mwezi ukatha nditumiza ya fizi monga mwa nthawi zonse. Pempho langa n'lakuti akabwera pa holide mukhale naye pansi, mumufunse chimene akufuna kufufuza, ndipo bambo aang'ono akhalepo pa zokambiranazo.

Mupereke moni kwa agogo. Mafuta opaka m'maondo aja ndagula kale, ndikungodikira wobwera kumeneko.