Pa Mlandu wa Majumbo, Wolangidwa Anali Womvera

Pamene boma la Malawi linalengeza m'chaka cha 2015 kuti kupanga, kuitanitsa kunja, kugulitsa ndi kugwiritsa ntchito mapulasitiki opyapyala n'koletsedwa m'dziko muno, ambiri a ife tinayesa kuti mlandu wa majumbo wagamulidwa, ndi kuti chotsala n'kuzoloweranso kutenga dengu popita kumsika monga ankachitira amayi athu. Koma mwana amene anabadwa chaka chimenecho anakwawa, nayenda, nalowa sukulu, nafika sitandade 4 kapena 5, jumbo ikali kuuluka pabwalo la kwawo, oweruza nawo akali kumva madandaulo a eni mafakitale. Lamulo linalembedwa ndithu, ndipo nduna inalisayinira, koma kwa zaka pafupifupi khumi masiku amene linakhala lomangidwa manja anachuluka kuposa masiku amene linagwira ntchito.

Tiyenera kukumbutsana chimene lamulolo linanena, pakuti alipo ena amene amalisinjirira dala ngati kuti linaletsa pulasitiki yense. Ndowa, beseni, chigubu ndi thumba lochindikala silinazikhudze. Linaletsa pulasitiki wosafika ma micron 60 m'kuchindikala kwake, ndiye kuti wopyapyala kuposa tsitsi la munthu wamba, amene amang'ambika asanafike kunyumba, amene palibe amamuchapa kuti amugwiritsenso ntchito, ndiponso amene ngakhale otola zinyalala zogulitsa amamulambalala chifukwa alibe kulemera pasikelo. Chinthu chotere ntchito yake imatha m'mphindi zochepa, koma m'nthaka chimakhalamo zaka zambirimbiri osawola.

Eni mafakitale sanachedwe. Makampani 14 anapita kubwalo la milandu natenga chiletso, ndipo lamulo linaima. Nkhani inakwera mpaka ku Supreme Court of Appeal, bwalo limene palibenso lina pamwamba pake m'dziko lino, ndipo pa 31 Julaye 2019 bwalolo linagamula kuti lamulo likhale monga linalembedwera. Pa nthawi imeneyo amabungwe anali atayenda m'misewu, ndipo mmodzi mwa amene anatsogolera ntchitoyo, mayi Gloria Majiga-Kamoto, anadzalandira mphoto ya Goldman mu 2021, dziko lapansi likutiombera m'manja. Mu 2020 boma linatseka mafakitale atatu amene anapezeka akupangabe majumbo oletsedwa. Komatu m'chaka chomwecho cha mphoto, kampani ya Golden Plastics inatenganso chiletso, ndipo mlandu wake utatha mu Juni 2024, boma likukonzekera kuyambanso kugwira olakwa, makampani ena 11 anatulukira ndi chiletso chawochawo, chimene chinakhalapo kufikira kumapeto kwa Januwale 2025, pamene woweruza Howard Pemba wa bwalo lalikulu ku Lilongwe anachichotsa.

Sindikutsutsa ufulu wa munthu aliyense, wolemera kapena wosauka, wokadandaula kubwalo pamene aona kuti boma lamupondereza, popeza dziko limene amalonda ake sangathe kusumira boma ndi dziko loopsa kukhalamo. Ndipo mawa lino ufulu womwewo ungadzapulumutse ine kapena inu. Koma makolo athu, amene ankazenga milandu pansi pa kachere wopanda zikalata kapena maloya, ankadziwa kuti mfumu ikagamula, nyakwawa n'kuvomera, anthu n'kuomba m'manja, sipadzanso mphwake wa wogonja m'mawa mwake kudzadzutsa mlandu womwewo ponena kuti iye dzulo kunalibe, mkuja n'kubweranso mlamu wake ndi mawu omwewo. Akadalola zotere, mudzi sukadalima. Akulu anati mlandu suwola pofuna kuchenjeza wopalamula kuti tsiku lake lidzafika. Sananene kuti wogonja azifukula mlandu nthawi iliyonse imene chigamulo chamuwawa.

Tsono pamene anthu awerengera zoipa za zaka khumi zimenezi, amatchula mitsinje, ziweto ndi ngalande, ndipo salakwa. Koma alipo munthu mmodzi amene amaiwalika, naye ndi wamalonda, ndiye uja amene anamvera. Taganizani za mwini fakitale amene, atamva lamulo mu 2015 kapena chigamulo cha 2019, anakhulupirira kuti boma likunena zoona, nakongola ndalama kubanki pa chiwongoladzanja chathu chino chosautsa, nasintha makina ake kuti azitulutsa thumba lochindikala, limene limadya pulasitiki wambiri ndipo mtengo wake ndi wokwera; iyeyo atafika nalo pamsika anapeza mnzake, amene ndalama zake anapatsa loya m'malo mogulira makina, akugulitsabe jumbo yopyapyala pa mtengo wotsika, chikalata cha khoti chili m'thumba. Taganizaninso za achinyamata amene anayamba kumata matumba a mapepala, amayi amene anagula mashini osokera zikwama za nsalu, ndi aluso oluka madengu a nsungwi ndi mlaza amene anayesa kuti msika wawo wabwerera: onsewa anaika chuma chawo pa mawu a boma, ndipo chiletso chilichonse chinkawagwetsa pansi popanda wowapepesa. Ndi womvera ameneyu amene walipira dipo la mlandu umene sanapalamule.

Choopsa chachikulu n'chakuti phunziro limeneli amalonda onse alimva, ngakhale amene sapanga pulasitiki. Lamulo la zachilengedwe la 1996 linalowedwa m'malo ndi lina la 2017, limene linakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, lotchedwa MEPA mwachidule, ndipo limafuna kuti womanga fakitale, hotela ya kunyanja, mgodi kapena damu ayambe waunika mmene ntchito yake idzakhudzire nthaka, madzi ndi anthu okhala pafupi, asanakumbe maziko. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020 chifukwa cha makala, ndipo la migodi linalembedwanso mu 2023. Awa ndi malamulo abwino, ndipo onse amafuna kuti wamalonda awononge ndalama lero pofuna kupewa choipa cha mawa. Koma munthu wochenjera amene wapenya za majumbo adzati mumtima mwake, bwanji ndithamangire kumanga chosefera madzi oipa a fakitale yanga asanagwere mu Mudi kapena mu Lilongwe, pomwe mnzanga adzangotenga chiletso n'kupitiriza kutaya? Kumene kumvera kumasaukitsa ndipo kuzengereza kumalemeretsa, anthu amaphunzira kuzengereza, ndipo sitingawadzudzule kuti ndi oipa mtima kuposa ife. N'chifukwa chake ndinena kuti chimene amalonda oona mtima amasowa kwa boma si lamulo lofewa ayi, koma lamulo lokhazikika, lodziwika tsiku lake loyambira, logwira wamkulu ndi wamng'ono mofanana, kuti munthu athe kuwerengera phindu lake asanakongole.

Mawu amene eni mafakitale akhala akubwereza ndi akuti anthu zikwi adzachotsedwa ntchito. Mawu amenewa si opepuka m'dziko limene wachinyamata wa satifiketi amayenda Chirimba ndi Kanengo yense osapeza ngakhale ganyu, ndipo wolemba aliyense amene amadya katatu patsiku ayenera kuwamva ndi mantha. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo antchito asandutsidwa mkhate wa mabwana awo. Makina opanga jumbo yopyapyala ndi opanga yochindikala sasiyana monga khasu ndi ndege. Anthu sanasiye kugula zinthu, ndipo chonyamulira chidzafunikabe. Zaka khumi zinali zokwanira kusintha makina ndi kuphunzitsa antchito, pakuti nkhanga zinapangana kusanapse. Amene anasankha kudikira kubwalo asatiuze lero kuti moto wawadzidzimutsa.

Ndiponso ntchito sizili m'fakitale mokha. Pitani kumsika wa mbuzi m'mawa, muime pafupi ndi wopha pamene akung'amba chifu: nthawi zina, m'malo mwa msipu wogayika, mumatuluka chimpira cholimba cha majumbo opiringizana, akuda ndi abuluu, chonunkha, chimene mpeni umachita kukanika kudula, ndipo pomwepo mumazindikira chifukwa chake mbuziyo inkaonda nthiti kuwerengeka ngakhale dzinja lili pakati. Kafukufuku wina wa ku Mponela anapeza pulasitiki m'mimba mwa ziweto pafupifupi 40 pa 100 zilizonse zophedwa. Mbuzi imeneyo inali fizi ya mwana, inali feteleza wa chaka chino, inali chothandizira maliro. Mwini wake alibe loya, ndipo dzina lake silinalembedwe pa chikalata cha mlandu uliwonse. Akuti dziko lino limapanga pulasitiki wokwana matani 75,000 pachaka, ndipo magawo 80 pa 100 alionse ndi wogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya. Wina mwa pulasitiki ameneyu amakathera m'ngalande za ku Limbe, ku Ndirande ndi ku Mchesi, kumene amatseka njira ya madzi kufikira mvula yoyamba italowa m'nyumba za anthu ndi m'magolosale. Mtengo wa jumbo ndi wotsika chifukwa chakuti wina, amene sanaigule n'komwe, amalipira mbali yotsalayo.

Tsopano popeza chiletso chinachoka, pali msampha wina umene ndikuopa kuti tingagweremo, ndiwo woyambira kumunsi. N'chapafupi kutumiza askari a khonsolo kumsika kukalanda majumbo kwa mayi wogulitsa tomato, atolankhani n'kujambula, madzulo n'kulengeza kuti lamulo likugwira ntchito. Koma malonda a osauka onse amangidwa pa kapulasitiki kameneka: ufa wa wokimani wa munthu amene sangakwanitse thumba, mafuta ophikira othira m'kachubu n'kumanga mfundo, mchere, shuga wa tiyi wa m'mawa umodzi, tchipisi cha pachiwaya chimene mnyamata amachithira chamoto m'jumbo n'kuwazamo kabichi ndi tsabola, ndi jumbo yomweyo imene madzulo amayatsira mbaula, utsi wake ana akupuma. Mayi ameneyo sanapange jumbo, sanailowetse m'dziko, ndipo akaipeza pa wogulitsa mopikulitsa adzaigula chifukwa kasitomala wake wabwera chimanjamanja. Misika ya m'dziko muno ndi yosawerengeka, ndipo boma lilibe anthu okwanira kuima pa benchi iliyonse. Koma mafakitale ndi owerengeka, ma adiresi awo ali m'kaundula wa boma, magetsi awo amachokera ku ESCOM, ndipo zipata za Mwanza, Dedza, Mchinji, Muloza ndi Songwe zili ndi antchito a MRA. Madzi amatsekedwa kugwero. Jumbo ikasowa kwa opikulitsa, mayi wa tomato adzapeza yekha chokulungira, monga ankachitira agogo ake ndi tsamba la nthochi, ndipo wogula adzakumbukira dengu popanda askari kumukumbutsa.

Anzathu anachita kale zimenezi: Rwanda mu 2008, Kenya mu 2017, Tanzania mu 2019, ndipo misika yawo sinatsekedwe. Za pangano la maiko onse lothana ndi zinyalala za pulasitiki, limene linayambika ku Nairobi mu 2022, tisaliyembekezere kwambiri, pakuti nthumwi zinabalalika osagwirizana ku Busan kumapeto kwa 2024 ndiponso ku Geneva mu Ogasiti 2025.

Ndivomereza kuti thumba lochindikala nalo ndi pulasitiki, ndipo likatayidwa m'ngalande limatseka madzi chimodzimodzi. Chotero makhonsolo, amene amatolera ziphaso m'misika tsiku ndi tsiku koma galimoto yotola zinyalala imaoneka mwa apo ndi apo, asabisale kumbuyo kwa lamulo la majumbo ngati kuti udindo wawo watha. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Za lero, ndipempha zinthu zimene sizifuna ndalama za maiko akunja. Oweruza athu, amene ndimawalemekeza, akalandira pempho loimitsa lamulo limene bwalo lalikulu koposa linalivomereza kale, asapereke chiletso asanamve mbali ya boma, ndipo wopemphayo alonjeze mwa chikalata kuti akagonja adzabweza zimene zawonongeka m'miyezi ya chiletsocho, kuphatikizapo zotayika za opikisana naye amene anamvera. Bungwe la MEPA nalo, pamodzi ndi Malawi Bureau of Standards, lizilengeza poyera m'nyuzipepala ndi pawailesi, mwezi ndi mwezi, mafakitale amene lawayendera, amene lawapeza olakwa ndi chindapusa chimene alipira, ndiponso maina a amene lawapeza akutsata lamulo, kuti mwini golosale wa ku Mzimba kapena ku Nsanje adziwe kumene angapikule matumba popanda kuopa kulandidwa, ndi kuti banki ikaona dzina la womvera pa mndandandawo isachite mantha kumukongoza.