Chotchinga Gudumu la Njinga Yamoto ku India: Kodi Lamuloli Lakalamba?

M'dziko la India muli lamulo lakuti njinga yamoto yatsopano iyenera kukhala ndi chotchinga pa gudumu lake lam'mbuyo, kuti chovala cha munthu wokwezedwa chisakodwe m'masipoko kapena m'tcheni. Eni dziko achitcha "saree guard", potengera dzina la sari, nsalu yaitali imene akazi a kumeneko avala. Tsono anyamata ambiri ogula njinga zamakono anena kuti kachitsulo kameneka kanyansitsa njinga, ndi kuti nthawi yake inapita. Ena akamasula tsiku lomwelo limene njinga yalembedwa m'kaundula wa Boma. Kotero funso labuka lakuti kodi lamulo lotere lifunikabe masiku ano?

Chimene lamulo linena

Lamulo lalikulu la magalimoto ku India ndi la chaka cha 1988, ndipo malamulo ofotokoza kagwiritsidwe kake anatuluka mu 1989. Ndime 123 ya malamulo amenewa itchula zinthu zitatu zoteteza wokhala pambuyo: pogwira ndi manja, popondera mapazi, ndi chotchinga chophimba gudumu lam'mbuyo kosachepera theka lake.

Nkhaniyi inafika ndi ku mabwalo a milandu komwe. Mu 2008 Bwalo Lalikulu la m'chigawo cha Madhya Pradesh linalamula kuti njinga zosowa zinthu zimenezi zisalembedwe. Bungwe la opanga magalimoto la Society of Indian Automobile Manufacturers linakadandaula ku Bwalo Lalikulu Koposa la dzikolo, koma mu 2018 dandaulo lao linakanidwa. Mu 2020 Unduna woyang'anira misewu unalembanso ndimeyi, nusenzetsa udindowo wopanga njinga. Chotero lamuloli silinangotsala m'mabuku mwa kuiwalika ayi: oweruza ndi Boma analiyang'ananso, nalisunga.

Umo ngozi ichitikira

Sari italika mamita 5 kapena kuposapo, ndipo nsonga yake imodzi ilendewera kumbuyo kuchokera paphewa. Akazi ena avala malaya ndi buluku, koma pamwamba aponya nsalu yopyapyala yotchedwa dupatta, imene ipita pakhosi kapena pamutu. Ambiri ovala sari akhala cham'mbali, miyendo yonse iwiri kumanzere, ndipo pa njinga zambiri tcheni ili mbali yomweyo. Ndicho chifukwa chake chotchinga chiikidwa kumanzere, kawirikawiri pamodzi ndi popondera pake.

Njinga ikamathamanga makilomita 40 pa ola, gudumu lake lizungulira pafupifupi maulendo 6 pa sekondi imodzi. Nsonga ya nsalu ikangolowa, ikulungika woyendetsa asanadziwe kanthu. Wokwezedwayo akokedwera pansi chagada, mutu nugunda msewu. Nsalu ikakhala pakhosi imkanyanga, ndipo ngati ananyamula khanda, khandalo ligwa naye. Nthawi zina gudumu liima mwadzidzidzi, onse awiri nagwa. Madokotala a ku India ndi ku Pakistan alemba za anthu ovulala motere. Ngozi ya mtundu uwu si ya lero: mu 1927 Isadora Duncan, mayi wotchuka pa zovina, anafa ku Nice m'dziko la France pamene nsalu yake yam'khosi inakodwa m'gudumu la galimoto yopanda denga.

Mau a otsutsa

Otsutsa lamuloli ali nazo mfundo zoyenera kuzimva. Choyamba, anena kuti kavalidwe kasintha: m'mizinda monga Mumbai ndi Bengaluru atsikana ambiri avala mabuluku, ndipo ochuluka ayendetsa okha njinga zazing'ono zonga Honda Activa, zimene gudumu lake liphimbika kale ndi thupi la njingayo. Chachiwiri, magudumu a masipoko a waya achepa, m'malo mwake mwalowa achitsulo choumba. Chachitatu, lamuloli silisiyanitsa njinga ya banja ndi njinga yaliwiro yoitanitsidwa kuchokera ku Ulaya, imene mpando wake wam'mbuyo uli wokwera kotero kuti wovala sari sangakhalepo. Chachinayi, ati maiko a ku Ulaya ayenda bwino popanda lamulo lotere.

Palinso mfundo ina yolemera koposa. Mu 2022 anthu 168,491 anafa pa misewu ya India, monga mwa chiwerengero cha Boma lao, ndipo oposa 4 mwa 10 alionse anali pa njinga zamoto. Ochuluka a iwo anafa chifukwa cha liwiro loposa muyeso, ndipo ambiri analibe chipewa choteteza mutu. Ati nanga Boma lilimbikiranji kachitsulo pamene adani akulu ali poyera?

Kuyesa mfundozi

Mfundo yotsirizayi njoona, koma siigwetsa lamulo. Boma la India silinasankhe chimodzi nkusiya china: chipewa chili m'lamulo, ndipo kuyambira mu 2019 njinga zatsopano zoposa 125cc ziyenera kukhala ndi mabuleki a ABS, amene salola gudumu kuuma poima mwadzidzidzi. Chotchinga ncha mtengo wochepa poyerekeza ndi zimenezi, ndipo sichilanda malo a china chilichonse.

Za kavalidwe, mzinda si dziko lonse. Anthu ambiri a ku India akhalabe kumidzi, kumene njinga za Hero, Bajaj ndi TVS ndizo galimoto ya banja, zonyamula mayi kunka kumsika, kuchipatala ndi kuukwati. Ndiponso kumene sari yachepa, dupatta ikalipo, ndipo iyo ndiyo ili pafupi ndi khosi. Gudumu lachitsulo choumba lili nayobe mipata yake, ndipo tcheni ndi mano ake sizinachoke.

Koma chifukwa chachikulu ndi ichi: amene adandaula ndi chotchinga ndiye mwini njinga, ndipo amene chimteteza ndi wina. Mwiniyo asankha njinga, nayang'ana maonekedwe ake. Wokwezedwa, amene kawirikawiri ali mkazi wake, mayi wake kapena mlongo wake, angokwera imene yafika pakhomo. Chinthu chimene woyendetsa sachiona phindu lake, wogulitsa sachedwa kuchisiya kuti mtengo utsike. Apa ndipo lamulo lilankhulira munthu amene kusitolo sanafunsidwe. Ndiponso njinga ikhala zaka zambiri, nipita m'manja ambiri. Yogulidwa ndi mbeta lero idzanyamula banja mawa. Akulu anati tsoka silinunkha.

Chofunika kukonza

Otsutsa alondola pa chimodzi. Lamulo lifuna kuti theka la gudumu liphimbike. Silinena kuti pakhale chitsulo chosaoneka bwino chomangidwa ndi mabauti. Opanga njinga akadachilowetsa m'kapangidwe ka njingayo, monga zikhalira pa njinga zazing'ono zija, sipakadakhala chomasula. Ndipo kuyang'ana pa tsiku la kaundula lokha sikukwanira ngati chotchinga chichotsedwa m'mawa mwake.

Nkhaniyi ikhudzanso kuno, pakuti njinga za ku India zigulitsidwa m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo amayi okwera kabaza ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu avala chitenje, kawirikawiri mwana ali kumsana. Aphunzitsi ndi antchito a Boma oyenda pa njinga zotere achita bwino kuona gudumu lam'mbuyo asanakwere, ndi kupinda nsalu yolendewera. Ku India lamuloli liyenera kukonzedwa, koma malinga nsalu zazitali zili kukwera njinga, chifukwa chimene linalembedwera chikalipo.